Mphukira za pa Zenera la a Sipanala

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ndi okonza mipopi. Dzina lawo lenileni limadziwika kutchalitchi basi, kwina konse ndi a Sipanala, chifukwa chitsulo chimenecho sichinkachoka m'thumba la ovolosi yawo. Tsiku la ukwati wa mwana wawo achemwali anachita kuwatulutsira m'thumba la jekete ali kale pakhomo la tchalitchi.

Ndi munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wouma pakamwa. Akalowa m'nyumba ya eni sankayamba ndi moni ayi, ankayamba aima kaye duu, khutu lili tcheru, kumvetsera ngati pena pakudontha. Mwana wanga atathyoka mkono anabwera kudzamuzonda, koma theka la ulendowo anathera chagada pansi pa sinki yanga. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, mwabwerera mwana kapena paipi?" Iwo ali pansi pomwepo anati, "Mwanayo madokotala amuona kale. Paipiyi palibe waiona." Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe chinthu chimene chimangowonongeka chonse, pamakhala pamodzi pamene pakudontha, ukapapeza ndiye kuti wakonza.

Achemwali ndiye anali pakamwa pa banjalo. Ankasita zovala ku hotela, ndipo akamaseka ankamveka mpaka kwa aneba achitatu. Ankati anakwatiwa ndi khoma, koma khoma lake losadontha. Ine ndine wamng'ono wawo, ntchito yanga ndi yoluka tsitsi, ndipo pa nkhani yolongolola ndinatengera iwowo.

Khansa ya m'mawere inapezeka mwa achemwali mochedwa. Adokotala atatha kufotokoza, a Sipanala anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye pofunika kusintha ndi pati?" Adokotala anafotokozanso pang'onopang'ono kuti nthendayo yayenda kale, kuti mankhwala a m'diripi angoichepetsa liwiro. Alamu anagwedeza mutu ngati amva. Atafika kunyumba anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, ndipo tinganene kuti sanadzukenso. Kuntchito anasiya kupita, foni inkangolira payokha, chakudya ankangochitokosa. Mpopi wa kubafa kwawo unayamba kudontha, iwo osaumva. Achemwali anandiuza kuti kudontha kumeneko kunkawaopsa kuposa chotupa chija.

Masiku a diripi ndinkalowa nawo ndine. Alamu, munthu amene amapisa mkono wonse m'paipi ya chimbudzi chotsekeka osachita tsinya, sankatha kuona singano ikulowa pa mkono wa mkazi wawo. Ankatsala panja pa benchi pamodzi ndi amuna ena amantha anzawo. Pa benchi pomwepo ndi pamene bambo wina, amene ankadikiranso mkazi wake, anawaonetsa kanema pafoni.

Tsiku limenelo titatuluka tinawapeza ataimirira, maso akuwala.

"Salifolafeni," anatero.

"Ndani ameneyo? Mwapeza kale wachiwiri achemwali ali moyo?" ndinawafunsa.

Sanaseke, koma analankhula njira yonse, mawu ambiri kuposa amene ndinawamvapo chikwatireni achemwali. Anati m'masamba a mtundu wa kabichi, mpiru, kolifulawa ndi burokoli muli zinthu ziwiri zimene zimakhala chosiyana, ngati paipi ya madzi otentha ndi ya ozizira. Ukatafuna kapena kudula tsambalo ziwirizo zimakumana, n'kubadwa chinthu cha dzina lovutalo. Ukaphika kwambiri, chimodzi mwa ziwirizo chimafa ndi moto. Ndipo anati timphukira ta njere za burokoli, tisanakule n'komwe, ndi timene timakhala ndi zambiri kuposa burokoli wamkulu. Kanemayo ndinadzamuonera ndekha pambuyo pake. Wolankhulayo ananena momveka kuti akatswiri akufufuzabe, kuti mwina chimathandiza thupi kudziteteza, koma si mankhwala ochiza khansa. Chigawo chimenecho alamu sanachimve, makutu awo anali atatenga kale zimene ankafuna.

Anayenda m'masitolo a mbewu mpaka nsapato kupindika. Njere zopaka mankhwala ofiira zija anazikana, anati zimenezo n'zodzala kumunda osati zodya, mpaka anapeza zoyera. Mabotolo a jamu anapempha kwa aneba onse. Anadula katani yakale ya neti, tizidutswa take n'kumaphimba pakamwa pa botolo, kumanga ndi mphira wa chubu. Kenako anatenga zotsalira za mapaipi n'kupanga kathandala pa zenera la kukhitchini, mabotolo onse atapendekeka chozondoka mofanana, pansi pake kangalande kotengera madzi ku sinki. Kunena zoona inali ntchito yokongola. Palibe dontho limodzi limene linkagwera pansi.

Njere ankaziviika kaye, kenako kutsuka m'mawa ndi madzulo, kukhutula madzi onse kuti zisaole. Masiku oyamba botolo linkakhala m'kabati mumdima, michira yoyera ikatuluka ankalitulutsira pa zenera kuti timasamba tibiriwire. Mabotolowo anawasanja motsatana kuti tsiku lililonse pakhale botolo limodzi lokhwima, lina likubwera pambuyo. Mpopi wa kubafa anaukonza. Kuntchito anabwerera. Ndipo akamatsuka mabotolo aja anayamba kuimba likhweru, kanyimbo kamodzimodzi kopanda mutu, kamene ankaimba kale akufunsira achemwali.

Botolo loyamba lisanakhwime tinapitanso ku diripi, ndipo achemwali anawafotokozera anesi za munda wa pa zenerawo, akuseka. Anesiwo sanaseke nawo. Anati, "Mayi, pa nthawi ino zimenezo zosaphika ayi. Chinyezi ndi kufunda kumene kumameretsa njere ndi komwenso majeremusi amakonda, ndipo kutsuka sikuwachotsa onse. Munthu wabwinobwino thupi lake limalimbana nawo, koma inu mankhwalawa agwetsa asilikali a m'thupi. Muwauze bambowo aziphika."

Kuphika, chinthu chimene alamu ankati ndi kupha mankhwala.

Tikutuluka, tisanafike pa benchi, achemwali anandigwira padzanja, zikhadabo mpaka kulowa.

"Usanene."

"Achemwali, ndiye mudya?"

"Sindidya. Koma usanene."

"Nanga si tingowauza? Ndi munthu wamkulu, amva."

"Iwe, likhweru lija walimva? Ukufuna abwerere pampando paja? Alamu ako sadziwa kudwazika, amadziwa kukonza. Asiye akonze kanthu."

Ndinakwiya, ndipo ndinawauza kuti ndakwiya. Koma wamkulu ndi wamkulu, komanso munthu wodwala sutsutsana naye pa khonde la chipatala.

Ndiye zinkayenda chonchi. Masana aliwonse ndinkatseka kasaluni kanga n'kupita kukawasambitsa achemwali ndi kuwaphikira kaphala. Alamu nawonso ankabwera kuchokera kuntchito, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kukhutula botolo la tsikulo, kuduladula ndi mpeni, kudikira pang'ono kuti zinthu ziwiri zija zikumane bwino, kufinyira ndimu, n'kubweretsa pa sosala atagwira ndi manja awiri. M'kamwa mwa achemwali munali zilonda za mankhwala, ndipo alamu sankapirira kuwaona akutafuna. Ankangoika sosala pa kastulu n'kunena kuti, "Idyani zonse, mayi," basi ulendo ku sinki kukatsuka mabotolo ena.

Madzi akangoyamba kulira ku sinki, achemwali ankandikankhira sosala ija. Ndinkadya ndine, mothamanga ngati mwana wakuba shuga. Timphukirato timayabwa pakhosi ndipo timatulukira m'mphuno, misozi kuchita kulengeza. Achemwali ankaseka chamumtima mapewa akugwedezeka, kenako ankatola katsamba kamodzi n'kukaika pa bulauzi yawo, pachifuwa, ngati kagwa podya. Alamu akabwera ankayang'ana sosala, n'kuona katsambako, n'kukachotsa ndi zala zawo zokhakhala zija mosamala. "Mwachita bwino, mayi." Tsiku limene ndalephera kubwera, achemwali ankakulunga zonse m'kampango n'kubisa pansi pa pilo, mawa lake n'kundipatsira kuti ndikataye kutali.

Tsiku lina alamu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koma alamu, anthu akamadwazika amaonda. Inu ndiye mukusalala bwanji?" Ndinati ndi mafuta atsopano. Achemwali anatsamwa ndi kuseka mpaka tinachita kuwapatsa madzi. Kaya zinali mphukirazo, kaya kunali kuyenda wapansi tsiku ndi tsiku, ine sindikudziwa.

Tinkaseka, koma munthu ankatha tikuona. Tsitsi limene ndinaliluka kuyambira ndili mtsikana linathothoka lonse, ndinatsala ndikungowapaka mafuta pamutu. Mphete inayamba kuvuka yokha. Bedi achemwali anatiuza kuti tilikokere pafupi ndi chitseko cha kuchipinda, pamene munthu atagona amaona mpaka kukhitchini, ndipo ndikafuna kutseka kuti apume ankati, "Siya pomwepo." Ankagona chammbali kuyang'ana msana wa amuna awo uli pa sinki, mabotolo obiriwira ali ndandanda pa zenera, likhweru likumveka.

Masana ena, nditangomeza zomaliza, anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ngakhale nditapita usadzawauze. Azidziwa kuti anandidyetsa mpaka mapeto. Walonjeza?"

"Mukupita kuti inu? Musandinyanse."

"Walonjeza?"

Ndinalonjeza.

Sipanapite nthawi, thupi linatentha mwadzidzidzi, kunjenjemera mano kuchita kugundana. Tinathamangira nawo kuchipatala. Adokotala anati majeremusi alowa m'magazi, zimene zimachitika kawirikawiri kwa odwala amene thupi lawo lafooka chotero, ndipo nthawi zambiri sizidziwika kuti alowera pati. Anayesetsa ndithu. Achemwali anatisiya dzuwa likupendeka, dzanja lina lili mwa ine, lina mwa alamu, amene tsiku limenelo analowa m'chipinda cha masingano osaona n'komwe kuti muli masingano.

Maliro atatha, abale atabalalika, mwana wawo atabwerera kubanja lake kutali, mabotolo aja sanadziwe kuti mwini wake wapita. Tsiku lililonse limodzi linkakhwima. Alamu sakanatha kutaya chinthu chamoyo, ndiye ankatsukabe, m'mawa ndi madzulo. Kenako anaganiza zabwino, monga mwa mtima wawo. Ananyamula mabotolo okhwima m'chikwama cha zitsulo n'kupita nawo ku wodi ija, kuti akapatse amayi amene ankalandira diripi limodzi ndi achemwali.

Zimenezi ine sindinazidziwe. Ndinangolandira foni ya mwana wawo akuti, "Anti, adadi sakuyankha foni, kodi mwawaona?" Ndinasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kuthamangirako.

Fungo linandilandira ndili pakhomo. Mphukira zikaola zimanunkha ngati ngalande. Kathandala ka mapaipi kanali katamasulidwa, zidutswa zili mbwee pansi, mabotolo ali mu sinki, m'kati mwake mwachita nkhungu. Mpopi wa kukhitchini unkadontha. Sipanala inali pa tebulo, ndipo mwini wake anali pampando uja wa pafupi ndi chitseko, ndevu zili nyankhalala, kolala ya shati itawakulira.

"Alamu, mwadya?"

M'malo mwake anandiuza za ku wodi, mawu ali phwa, ngati akuwerenga mita ya madzi. Anati anesi ena achitsikana anawaletsa pakhomo mwaulemu, n'kuwafotokozera kuti odwala a diripi saloledwa mphukira zosaphika chifukwa cha majeremusi. Iwo anafunsa kuti majeremusiwo amatani. Anesiwo, osadziwa kuti akulankhula ndi ndani, anati amatha kulowa m'magazi.

"M'magazi, alamu," anatero. "Si mawu omwe aja ananena adokotala?"

"Achemwali inawapha ndi khansa. Musadzipweteke ndi maganizo."

"Nyumba inali yong'aluka kale, ndikudziwa. Koma amene anatsegulira madzi ndine." Anatambasula manja awo n'kuwayang'ana. "Ndi manja awa. Tsiku ndi tsiku. Ndinkafinyiramo ndi ndimu kuti adye zambiri."

Ndinalowa kukhitchini, chifukwa nkhope yanga ikanandiulula. Ndinatsuka mabotolo onse aja ndi madzi otentha, ndikukangana ndi achemwali mumtima. Ndinawauza kuti, mwaona zimene mwachita? Munkati mukumusungira munthu kanthu kogwira, lero kanthu komweko kakumupha. Munandilonjezetsa inu n'kuchokapo, mwandisiyira ine. Sanandiyankhe, iwo amene sankalola kuti mawu omaliza akhale a wina. Ndinaphika tiyi ndi mazira, ndinaika pa kastulu, n'kupita kwathu lonjezo langa lili lonse.

M'mawa mwake ndinapeza tiyi uja atachita khungu pamwamba, mazira nyerere zitazungulira. Alamu anali pomwe paja, ndi shati yomwe ija. Ndinaona kuti ndikasunga mawu a womwalira ndiika maliro achiwiri mwezi usanathe. Ndinakoka kastulu n'kukhala patsogolo pawo.

"Alamu, ndiyang'aneni. Mphukira zija achemwali sankadya. Ndinkadya ndine."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china.

Ndinawauza zonse, za anesi oyamba aja, za dzanja limene anandigwira pa khonde, za sosala imene inkabwera kwa ine madzi akangolira ku sinki, za kampango ka pansi pa pilo. Ndinawauza kuti ngati munali majeremusi m'mabotolo mwawo ndiye ali mwa ine, ndipo ndi uyu ndili pano ndasalala.

"Mukundinamiza kuti ndidye."

"Ine kukunamizani ndakunamizani miyezi yonse ija, ndatopa nako. Lero ayi."

Mpopi unkangodontha.

"Sanadye?"

"Sanadye."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

"Nanga kaja kankatsalira pa bulauzi?"

"Ankachita kukaika okha."

Anatulutsa kamawu kangati kuseka, koma sikunali kuseka. Ndinaona mapewa aja akutsika, katundu wa kupha munthu akuchoka, ndipo ndinayamba kuthokoza mumtima. Koma pomwepo ndinaonanso katundu wina akukwera pamalo pomwepo, ndipo ameneyu ndinalibe naye mawu omutsitsira.

"Ndiye masana onse aja," anatero pang'onopang'ono, "iye ali apo, masiku ake akutha, ine ndinali uko. Nditamufulatira. Ndikutsuka mabotolo a chakudya cha alamu." Anayang'ana ku chitseko cha kuchipinda, kumene bedi linali likadali pomwe tinalikokera. "Bwenzi nditangokhala pansi. Bwenzi nditamugwira dzanja. Bwanji sanandiuze kuti bambo, siyani zimenezo, khalani apa?"

"Ankati mukakhala pansi simudzukanso. Ankafuna azimva likhweru lanu. Chitseko chija ankandiletsa kutseka kuti azikuonani."

"Azindiona msana."

"Eya, msana. Ankati ndi umene anauzolowera, poti zaka zonsezi nkhope yanu imakhala pansi pa masinki a anthu."

Apo ndiye analira. Pamaliro sanalire, anali kalikiliki kukonza mpopi wa panja kuti anamfedwa asasowe madzi. Analira tsiku limenelo, pakamwa pali yasa ngati mwana, ine nditawagwira mutu. Nanenso ndinalira, chifukwa cha achemwali, chifukwa cha iwo, komanso chifukwa mphatso yomaliza imene achemwali anawasiyira ndinali nditaiphwanya ndi pakamwa panga, ndipo ndikanapatsidwanso mpata ndikanaiphwanyabe. Madzulo ake anamwa tiyi ndi buledi pang'ono.

Pano a Sipanala ali moyo. Ntchito akugwira, chitsulo chija chinabwerera m'thumba. Kathandala sanakamangenso, koma pa zenera pamakhala botolo limodzi, lotsamira pa kapu. Likakhwima amabwera nalo ku saluni kwanga masana, sosala ndi ndimu zili m'chikwama cha zitsulo. Amaduladula pa kashelefu ka zipeso, amadikira pang'ono, n'kundipatsa ndi manja awiri. Makasitomala amatiseka, amati mlamu wotere tikamupeze kuti. Ine ndimawauza kuti ameneyu ndi wanga ndekha, ndinachita kusiyiridwa.

Timphukirato sindinatikondepo, mpaka lero timandiyabwa pakhosi. Koma ndimadya tonse, ndipo sindithamanganso. Pa saluni pali sinki, ndipo mpopi wake umadontha, koma alamu sapitako. Amakoka mpando, n'kukhala pafupi, n'kumandiyang'ana ndikutafuna mpaka sosala itayera. Ndimadziwa kuti amene akumuyang'anayo si ine.

Likhweru lija sindinalimvenso.